Momwe mungatsimikizire kuti ma cytokine ndiwo akukolezera chotupa cha khansa

Chotupa cha khansa chikadulidwa n'kuikidwa pa maikulosikopu, simuoneka maselo a khansa okhaokha. Pakati pake pamakhala ma macrophage, ma neutrophil ndi ma lymphocyte (maselo oyera, asilikali oteteza thupi), ma fibroblast (maselo omanga minyewa) ndi timitsempha tatsopano ta magazi, moti m'zotupa zina alendowa amachuluka kuposa eni khansawo. Rudolf Virchow anaona asilikali a m'thupi amenewa m'zotupa mu 1863, n'kuganiza kuti khansa imayambira pamalo otukusira kwa nthawi yaitali. Mu 1986 Harold Dvorak anafanizira chotupa ndi chilonda chosapola, ndipo fanizo limeneli likugwirabe ntchito mpaka pano. Chilonda chimaitana magazi, chimaitana asilikali, chimauza maselo apafupi kuti agawikane atseke mpata, ndipo chikapola mauthenga onsewa amazima. Pa chotupa sazima.

Mawu oti kutukusira tiwagwiritsa ntchito pa chimene a m'labu amati inflammation, kuti tisachisokoneze ndi chotupa chenichenicho. Ma cytokine ndi timapuloteni tomwe maselo amatumizirana ngati mauthenga, ndipo timagwira ntchito ngakhale titachepetsetsa, pa mlingo wa mapikogalamu pa mililita imodzi.

Vuto lalikulu pa kafukufuku wa nkhaniyi n'lakuti kupeza cytokine yochuluka mwa wodwala n'kosavuta, ndipo ambiri amaimira pomwepo. Komatu cytokine monga IL-6 imakweranso ndi chibayo, opaleshoni, kunenepa kwambiri, ngakhale kuthamanga mtunda wautali. Chotupa chachikulu chimatukusiritsa thupi pachokha, choncho cytokine yokwerayo ikhoza kukhala utsi chabe, osati nkhuni. Kuti munene kuti cytokine ikukulitsa chotupa, muyenera kuonetsa kuti ilipo, kupeza amene akuipanga, kuonetsa kuti selo la khansa likuumva uthengawo, kenako kuutseka n'kuona ngati chotupa chasintha. Gawo lomalizali ndilo lolemera kuposa onse.

Dziwani kaye njira imene uthenga umayenda

Tiyambe ndi IL-6, chifukwa njira yake ndi yodziwika bwino ndiponso yosavuta kuilondola. Ikatuluka m'selo loipanga imakakamira pa receptor yake (puloteni yolandira uthenga pakhungu la selo), IL-6Rα, ndipo ziwirizi zimakoka puloteni ina ya pakhungu la selo yotchedwa gp130. Ma gp130 awiri akayandikana, ma enzyme a JAK omwe amakhala atawakangamira chamkati amadzuka n'kumata phosphate pa STAT3, puloteni yotengera uthenga ku majini, pa tyrosine ya nambala 705. Zikatero ma STAT3 awiri amagwirana, amalowa mu nucleus n'kutsegula majini. BCL-XL, MCL-1 ndi survivin amaletsa selo kudzipha pamene layenera kufa. Cyclin D1 ndi MYC amalikankha kuti ligawikane. VEGF imaitana mitsempha ya magazi. Pakati pa majini otsegukawa pali SOCS3, yomwe ntchito yake ndi kubwerera kukatseka JAK, n'chifukwa chake m'selo labwinobwino uthengawu umazirala pakapita ola limodzi kapena awiri. M'makhansa ambiri buleki imeneyi imafooka, kapena cytokine imangobwerabe mosalekeza, ndiye STAT3 imakhala chiyakire.

Pali kanthu kena kamene kamasokoneza anthu ambiri. IL-6Rα imapezeka pa maselo ochepa, makamaka a chiwindi ndi asilikali ena a m'magazi, pamene gp130 ili pafupifupi pa selo lililonse. Enzyme ya ADAM17 imadula IL-6Rα n'kuisiya ikuyandama m'madzi a m'thupi, ndipo yoyandamayo ikagwira IL-6 imatha kudzutsa selo lililonse lokhala ndi gp130. Choncho selo la khansa lomwe silimva IL-6 m'mbale ya labu likhoza kumaimva bwinobwino m'thupi.

Njira yachiwiri ndi ya NF-κB. Puloteniyi imakhala yomangidwa mu cytoplasm ndi IκBα. Ma cytokine a TNF kapena IL-1β akafika pa ma receptor awo, enzyme ya IKK imamata phosphate pa IκBα, yomwe imaphwanyidwa, ndipo NF-κB imamasuka n'kulowa mu nucleus. Kumeneko imatsegula majini oletsa kufa kwa selo, komanso a IL-6, IL-8, TNF ndi COX-2. Apa ndi pomwe moto umadzikolezera wokha: cytokine imadzutsa NF-κB, NF-κB imapangitsa cytokine ina, yomwe imadzutsa STAT3 mwa mnansi.

Kutukusira kumawononganso DNA mwachindunji. Ma neutrophil ndi ma macrophage amalavula okosijeni waukali ndi nitric oxide pofuna kupha tizilombo. Okosijeniyu akakhudza guanine (chilembo G cha DNA) amaisandutsa 8-oxoguanine, yomwe imatha kulumikizana molakwika ndi adenine, ndiye pomwe panali G pamadzakhala T. Selo lowonongeka chonchi likanayenera kufa, koma NF-κB ndi STAT3 zimalisunga ndi moyo n'kuliuza kuti ligawikane. N'zimene zimachitika pang'onopang'ono, kwa zaka zambiri, m'chifu chokhala ndi bakiteriya wa Helicobacter pylori, m'chiwindi cha hepatitis B kapena C, m'chikhodzodzo chomwe mwakhazikika mazira a nyongolotsi ya likodzo, Schistosoma haematobium, m'matumbo a ulcerative colitis, ndi pa kachikopa kokuta mapapo a munthu wopuma fumbi la asbestos.

Chotupa chikakhazikika chimayamba kudziitanira antchito. CCL2 ndi CSF-1 zimakoka ma monocyte omwe amasanduka ma macrophage a m'chotupa, IL-8 imakoka ma neutrophil. Ma macrophage amabweza ndi EGF, VEGF ndi MMP-9 yosungunula minyewa yozungulira, komanso IL-10 ndi TGF-β zofoola maselo a T a CD8 omwe akanapha khansayo.

Musayambe ntchito ndi maganizo oti cytokine iliyonse ndi mdani. IFN-γ ndi IL-12 zimathandiza kupha khansa. Gulu la Jérôme Galon linaonetsa mu 2006 kuti odwala khansa ya m'matumbo okhala ndi maselo a T ambiri m'chotupa amakhala nthawi yaitali. Madokotala amathira BCG, katemera wa chifuwa chachikulu, m'chikhodzodzo dala kuti adzutse kutukusira kothana ndi khansa ya pamwamba. TNF yeniyeniyo inapatsidwa dzina limeneli mu 1975 m'labu ya Lloyd Old chifukwa inkaoletsa zotupa za mbewa. TGF-β imaletsa maselo kugawikana khansa ikamayamba, koma chotupa chikataya mbali ya njirayo, monga puloteni ya SMAD4 yonyamula uthenga wake, imasanduka yothandiza kufalikira. Mlingo, nthawi ndi selo lolandira ndizo zimagamula.

Kutenga ndi kusunga magazi

Zolakwika zambiri za kuyeza ma cytokine zimachitika magazi asanafike n'komwe pa puleti. Maselo oyera amakhalabe amoyo m'chubu, ndipo chubu chikangokhala patebulo amapitiriza kutulutsa ma cytokine, makamaka IL-8. Tengani magazi m'chubu cha EDTA, chiikeni pa ayezi, ndipo pasanathe mphindi 30 mpaka 60 chizungulitseni pa centrifuge, 1,000 mpaka 2,000 × g kwa mphindi 10 mpaka 15 pa 4°C. Yoolani plasma mosakhudza kamzere koyera ka maselo. Igaweni m'timachubu ta 200 mpaka 300 µL, musunge pa −80°C, kuti kalikonse kasungunulidwe kamodzi kokha.

Musasakanize plasma ndi seramu m'kafukufuku mmodzi. Magazi akamaundana ma platelet amakhuthula VEGF ndi TGF-β, choncho seramu imapereka manambala okwera, ndipo odwala khansa ambiri amakhala ndi ma platelet ochuluka. Mukayeza VEGF mu seramu, mwina mukungowerenga ma platelet mosadziwa. Tengani magazi nthawi yofanana ya tsiku kwa onse, poti IL-6 imasinthasintha ndi usana ndi usiku, ndipo lembani ngati munthu ali ndi malungo a thupi lotentha, wachitidwa opaleshoni posachedwa, kapena akumwa ma steroid, omwe amatsitsa ma cytokine ambiri.

Kumene kulibe ELISA, njira yoyezera cytokine ndi ma antibody, puloteni ya m'magazi yotchedwa CRP imathandiza, chifukwa chiwindi chimaipanga makamaka pomvera IL-6, ndipo siwonongeka msanga. Muyezo wa modified Glasgow Prognostic Score umagwiritsa ntchito zinthu ziwiri zokha: CRP yosapitirira 10 mg/L ndi 0, CRP yoposa 10 ndi 1, ndipo CRP yoposa 10 pamodzi ndi albumin yochepera 35 g/L ndi 2. Muyezowu umalosera bwino za moyo wa wodwala m'makhansa ambiri, koma sunena chimene chayambitsa chinzake.

ELISA

Tsatirani pepala la kiti yanu, koma dongosolo lofala la sandwich ELISA ndi ili. Thirani 100 µL ya antibody yogwira m'kaenje kalikonse ka puleti ya timaenje 96, ikhale usiku wonse. Tsukani katatu ndi PBS yokhala ndi 0.05% Tween-20, n'kumenya puleti chozondotsa pa pepala louma kuti madzi onse achoke. Tsekani mipata ndi 300 µL ya 1% BSA kwa ola limodzi. Konzani ma standard 7, ndiye kuti cytokine ya mlingo wodziwika, pochepetsa theka ndi theka, mwachitsanzo kuchokera pa 600 pg/mL kutsika mpaka 9.4, kuphatikizapo kaenje kopanda cytokine. Thirani ma standard ndi zoyeza zanu, chilichonse m'timaenje 2 kapena 3, kwa maola 2. Tsukani, thirani antibody yachiwiri ya biotin kwa maola 2, tsukani, streptavidin-HRP kwa mphindi 20 mumdima, tsukaninso, kenako TMB kwa mphindi 20. Madzi amasanduka obiriwira ngati thambo. Imitsani ndi 50 µL ya 2 N sulfuric acid, asanduke achikasu, ndipo werengani pa 450 nm, kuchotsapo za pa 540 kapena 570 nm. Mzere wa ma standard ujambulidwe ndi four-parameter logistic, osati mzere woongoka.

Onani kuti kiti yotere siingathandize pa plasma ya munthu wabwinobwino, yemwe IL-6 yake imakhala mapikogalamu ochepa chabe pa mililita, pansi pa standard yotsikitsitsa. Pamenepo pafunika kiti ya high sensitivity. Nambala yogwera kunja kwa mzere wa ma standard si nambala. Yokwera kwambiri ichepetseni mphamvu ndi buffer muyezenso, yotsika lembani kuti sinafike pa mlingo wooneka, osailemba ziro.

Puleti yonse ikada mofanana, nthawi zambiri kutsuka kunali kopereŵera. Ikakana kusintha mtundu, funsani ngati mu buffer muli sodium azide, yomwe imapha HRP. Timaenje ta m'mphepete tikasiyana ndi ta pakati, puleti inauma kapena mankhwala anathiridwa akadali ozizira. Timaenje ta chinthu chimodzi tikasiyana kupitirira 15%, bwerezani. Ndipo musanakhulupirire plasma, chitani mayeso awiri: onjezerani cytokine ya mlingo wodziwika muone ngati mwaipezanso pakati pa 80% ndi 120%, kenako chepetsani mphamvu ya plasma theka ndi theka ndi buffer muone ngati manambala akutsika mofanana. Anthu ena ali ndi ma antibody m'magazi, monga rheumatoid factor, omwe amalumikiza ma antibody awiri a kiti popanda cytokine iliyonse, ndipo mayeso awiriwa ndiwo amawagwira.

Ma cytokine awiri ali ndi misampha yawoyawo. TGF-β imatuluka yomangidwa, ndiye kuti muyeze yonse muyenera kuimasula ndi 1 N HCl kwa mphindi 10 n'kubwezeretsa pH ndi NaOH ndi HEPES. Seramu ya ng'ombe yomwe timadyetsera maselo ili ndi TGF-β yakeyake imene kiti ya munthu imaiona, choncho yezaninso medium yopanda maselo. IL-1β imapangidwa kaye ngati puloteni ya 31 kDa yosagwira ntchito, ndipo caspase-1 ikaidula m'pamene pamatuluka ya 17 kDa. Kukwera kwa mRNA yake sikutanthauza kuti yatuluka m'selo.

Akuipanga ndani?

Kupera chotupa chonse n'kuyeza kumangonena kuti cytokine ilimo. Kuti mudziwe mwini wake, gwiritsani ntchito immunohistochemistry, kudetsa minyewa ndi ma antibody, pa zidutswa zoyandikana: CD68 ndi CD163 za ma macrophage, CD8 ya maselo a T, cytokeratin ya maselo a khansa, ndi phospho-STAT3 (STAT3 yomatidwa phosphate) kuti muone amene akulandira uthenga. Chotupa chilowe mu 10% neutral buffered formalin pasanathe ola chichotsedwereni, chikhalemo maola 6 mpaka 72. Phosphate imayoyoka msanga minyewa ikasiya kulandira magazi, ndiye chidutswa chimene chinachedwa chimaoneka ngati mulibe phospho-STAT3, kapena chimada m'mphepete mokha momwe formalin inayamba kufika. Werengani pakati pa chotupa ndi m'malire mwake padera, chifukwa asilikali sagawanika mofanana. Ndi maselo amoyo, flow cytometry imayankha bwino koposa, bola muthire brefeldin A kwa maola 4 mpaka 6 kuti cytokine iunjikane m'selo loipanga.

Kuona ngati selo la khansa likumva

Dzalani maselo m'puleti ya maenje 6 mpaka adzaze 70% kapena 80%. Achotsereni seramu usiku wonse kuti mauthenga ena azirale. M'mawa thirani IL-6 ya 10 mpaka 50 ng/mL, ndipo kololani pa mphindi 0, 15, 30, 60 ndi 120. Osadikira maola 24, chifukwa SOCS3 ikhala itazimitsa kale zomwe mukufuna kuona. Pokolola ikani puleti pa ayezi, tsukani ndi PBS yozizira, phwanyani maselo ndi RIPA yokhala ndi zoletsa ma protease, 1 mM sodium orthovanadate ndi sodium fluoride. Mukaiwala vanadate, ma phosphatase amafufuta chizindikiro m'mphindi zochepa. Thamangitsani 20 mpaka 30 µg ya puloteni pa Western blot, tsekani membrane ndi 5% BSA mu TBST, ndipo funani phospho-STAT3 ya Tyr705 cha pa 86 kDa, nthawi zina ndi kamzere kachiwiri ka 79 kDa. Nthawi zonse onetsani STAT3 yonse pambali pake. Pa TNF, ya 10 mpaka 20 ng/mL imakwanira: IκBα imasowa pakati pa mphindi 10 ndi 30, kenako imabwereranso, ndipo p65, gawo la NF-κB, imaoneka italowa mu nucleus.

Sankhani maselo mwanzeru. HepG2, ya khansa ya chiwindi, imamva IL-6 mwamphamvu, choncho ndi yabwino kutsimikizira kuti cytokine yanu ndi yamoyo. MDA-MB-231, ya khansa ya bere, imadzipangira IL-6 yambiri ndipo STAT3 yake imakhala yoyaka kale, moti kuonjezera ina sikusintha zambiri. Kwa maselo otere funso labwino ndi la kutseka, osati kuthira. PC-3, ya khansa ya prostate, ilibe STAT3 n'komwe. Maselo akakana kumva, onjezerani soluble IL-6R, receptor yoyandama ija, musanagamule.

Kuti muyandikire zomwe zimachitika m'chotupa, gwiritsani ntchito ma macrophage. Maselo a THP-1 amasanduka onga ma macrophage mukawapatsa PMA ya 25 mpaka 100 nM kwa maola 24 mpaka 48, kenako n'kuwapumitsa tsiku limodzi kapena kuposerapo mu medium yopanda PMA. LPS (chinthu cha pakhungu la mabakiteriya) ya 100 ng/mL ndi IFN-γ ya 20 ng/mL zimawakankhira ku mtundu wotchedwa M1, pamene IL-4 ndi IL-13 za 20 ng/mL iliyonse zimawakankhira ku M2. Mayina awiriwa ndi a m'mbale. Ma macrophage a m'chotupa amasakaniza zizindikiro zonse, choncho musawalembe ngati mitundu iwiri yolekana. Atsukeni katatu, apatseni medium yatsopano kwa maola 24, itengeni, muizungulitse, muisefe pa 0.22 µm, n'kuithira pa maselo a khansa, theka iyo theka medium yatsopano kuti njala isasokoneze zotsatira. Mukapanda kutsuka bwino, PMA kapena LPS yotsalira ndiyo idzasinthe maselo a khansa, inu n'kuyamikira ma macrophage. Ngati mukufuna kuti mbali ziwirizi ziyankhulane osakhudzana, gwiritsani ntchito transwell ya timabowo ta 0.4 µm, ya 8 µm ndi yoyezera kusamuka kwa maselo.

Adani awiri osaoneka amawononga ntchito imeneyi. Mycoplasma, bakiteriya waung'ono kwambiri, imadzutsa receptor ya TLR2 n'kupangitsa maselo kulavula IL-6 ndi IL-8 popanda chifukwa china, ndipo medium imakhalabe yoyera, choncho yezani ndi PCR mwezi uliwonse. Endotoxin, yomwe ndi LPS ija, imabisala m'mapuloteni opangidwa ndi mabakiteriya. Wiritsani puloteni yanu: yeniyeni imafa, endotoxin siifa. Ngati yowiritsayo ikudzutsabe ma macrophage, kapena ngati polymyxin B ya 10 µg/mL ikuthetsa zonse, munkayeza litsiro.

Poyeza kukula, musadalire MTT yokha. Imayeza mphamvu ya ma enzyme a m'selo, ndipo cytokine ikhoza kuikweza maselo osachuluka. Werengani maselo enieni pa maola 24, 48 ndi 72, onjezerani EdU kuti muone ogawikana ndi annexin V kuti muone akufa. Nthawi zambiri IL-6 siifulumizitsa maselo okhuta kale seramu ya 10%. Mphamvu yake imaoneka pamene maselo apanikizika, mu seramu ya 1% kapena pamaso pa mankhwala monga cisplatin, pomwe imawapulumutsa ku imfa. Kudzala maselo mazana ochepa n'kuwerenga magulu omera pakatha masiku 10 mpaka 14, atadetsedwa ndi crystal violet, kumaonetsa kupulumuka kumeneku bwino.

Kutseka uthenga

Tsekani pamalo atatu osiyana: cytokine yeniyeniyo ndi antibody yoigwira, receptor ndi tocilizumab, ndi mkati mwa selo ndi ruxolitinib yotseka JAK ya pafupifupi 1 µM kapena kuchotsa STAT3 ndi siRNA kapena CRISPR. Antibody iliyonse ikhale ndi mnzake wa isotype yofanana koma wosagwira kanthu, mankhwala aliwonse akhale ndi DMSO ya mlingo womwewo, wosapitirira 0.1%. Gwiritsani ntchito ma siRNA awiri osiyana, ndipo ngati n'kotheka bwezeretsani jiniyo muone ngati kukula kwabwereranso. Mankhwala otseka STAT3 monga Stattic amapha maselo m'njira zinanso, choncho umboni wa iwo okha ndi wofooka. Onetsani pa blot kuti phospho-STAT3 yatsikadi pa mlingo womwe mwagwiritsa ntchito.

Mukatseka IL-6 koma STAT3 n'kukhalabe yoyaka, sikuti mwalephera. IL-11, LIF ndi oncostatin M zimadzeranso pa gp130 yomweyo, ndipo EGFR ndi SRC zimatha kuyatsa STAT3 popanda cytokine. Kusiyana kwa zotsatira za malo atatu aja ndiko kumakulozerani kumene uthenga ukuchokera.

Mbewa

Pa khansa ya m'matumbo yobwera ndi kutukusira, njira yozolowereka ndi ya AOM (azoxymethane) ndi DSS (dextran sulfate sodium, yotukusiritsa matumbo), ndipo imafuna chilolezo cha komiti yoona za kasamalidwe ka nyama. Bayani azoxymethane ya 10 mg/kg m'mimba kamodzi. Imeneyi imawononga DNA, makamaka jini ya β-catenin. Pakatha masiku 5 mpaka 7 ikani DSS ya 36 mpaka 50 kDa m'madzi akumwa, pa 2% mpaka 2.5%, kwa masiku 5 mpaka 7, kenako madzi wamba kwa masiku 14. Bwerezani katatu, ndipo tsegulani matumbo cha pa sabata 10 mpaka 12. Yezani kulemera tsiku lililonse m'masiku a DSS, onani chimbudzi ndi magazi, ndipo mbewa yotaya 20% ya thupi ichotsedwe mwachifundo. Mphamvu ya DSS imasiyana botolo ndi botolo komanso mtundu wa mbewa, ndiye yesani kaye pa mbewa zochepa. Pakhale magulu a AOM yokha ndi DSS yokha, chifukwa kusiyana kwawo ndi gulu lolandira zonse ndiko kumaonetsa gawo la kutukusira. Yerekezani abale a bere limodzi okhala m'khola limodzi, poti mabakiteriya a m'matumbo amasiyana khola ndi khola ndipo amasintha zotsatira. DSS yotsalira m'minyewa imalepheretsa PCR, choncho RNA itsukidwe ndi lithium chloride.

Lembani chiwerengero cha zotupa ndi kukula kwake padera, chifukwa zimayankha mafunso osiyana. Mu 2004 Florian Greten, m'labu ya Michael Karin, anachotsa IKKβ, gawo la enzyme ya IKK ija, m'maselo a khoma la matumbo, ndipo zotupa zinachepa kwambiri chiwerengero chifukwa maselo owonongeka ankafa. Ataichotsa m'maselo a myeloid, monga ma macrophage ndi ma neutrophil, zotupa zinakhala zazing'ono, chifukwa ma cytokine ozidyetsa anachepa. Njira imodzi, maselo awiri, ntchito ziwiri. Labu yomweyo inaonetsa mu 2007 kuti mbewa zazimuna zimadwala khansa ya chiwindi yoyambitsidwa ndi mankhwala a DEN kuposa zazikazi chifukwa estrogen imaletsa maselo a Kupffer, ma macrophage a m'chiwindi, kupanga IL-6. Apa phunziro la ntchito ndi loonekeratu: osasakaniza zazimuna ndi zazikazi popanda kuziwerengera padera.

Samalani ndi kusiyana kwa munthu ndi mbewa. IL-6 ya munthu imadzutsa maselo a mbewa, koma ya mbewa siidzutsa receptor ya munthu. Choncho mukadzala khansa ya munthu m'mbewa, IL-6 yochokera m'ma macrophage a mbewayo siimveka kwa chotupacho. Tocilizumab siigwira receptor ya mbewa. Pamenepo pamafunika antibody ya MR16-1. Mbewa za nude ndi NSG zilibe maselo a T ogwira ntchito, ndiye sizingakuuzeni kanthu za IL-10 kapena TGF-β zofoola chitetezo. Pa funso limenelo dzalani khansa ya mbewa m'mbewa ya mtundu womwewo, monga MC38 mu C57BL/6 kapena 4T1 mu BALB/c.

Pomasulira zotsatira kupita kwa anthu

Umboni wa anthu ukusonyeza kuti nthawi yotsekera ndi nkhani yaikulu. Kafukufuku wa CANTOS, wofalitsidwa mu 2017, anapereka canakinumab yotseka IL-1β kwa ena mwa odwala mtima 10,061 okhala ndi CRP yokwera, ndipo khansa ya m'mapapo inapezeka yochepa mwa olandira mlingo waukulu, ngakhale imfa za matenda opatsirana zinakwera. Mankhwala omwewo atayesedwa m'kafukufuku wa CANOPY pa anthu odwala kale khansa ya m'mapapo, sanathandize monga ankayembekezera. Siltuximab yotseka IL-6 inavomerezedwa mu 2014 pa multicentric Castleman disease, matenda omwe IL-6 ndiyo gwero lake, koma m'zotupa zambiri zolimba sinabweretse kusintha kooneka. Kumbali ya kupewa zinthu zimaoneka bwino: katemera wa hepatitis B, woyamba kuperekedwa kwa makanda onse ku Taiwan m'zaka za m'ma 1980, anatsitsa khansa ya chiwindi mwa ana, kupha Helicobacter pylori kumachepetsa khansa ya chifu, ndipo aspirin inachepetsa khansa ya m'matumbo mwa anthu a Lynch syndrome, vuto la majini lochokera kwa makolo lobweretsa khansayi, m'kafukufuku wa CAPP2, ngakhale imabwera ndi ngozi ya kutaya magazi m'mimba ndipo siyoyenera kungoyamba kumwa popanda dokotala.

Choncho polemba zotsatira zanu, nenani poyera kuti munatseka cytokine pa siteji iti. Mu AOM ndi DSS, kupereka antibody m'masiku a DSS yoyamba kumayesa kuyambika kwa chotupa, komanso kumatha kuipitsa zilonda za m'matumbo, poti IL-6 yomweyo ndiyo imathandiza khoma kupola. Kuipereka DSS yachitatu itatha kumayesa kukula kwa zotupa zomera kale. Ikani magulu onse awiri m'dongosolo lanu kuyambira pachiyambi, werengerani chiwerengero cha mbewa musanayambe, ndipo woyeza zotupa asadziwe kuti mbewa ili m'gulu liti.